CINANGWA CA AKULU NDI NDARAMA ZA ANYAMATA KU BANDAWE

Acikumbi anzathu, m'midzi yambiri atate ndi mwana wao sagwirizana pa za munda. Mnyamata ati tsabola wakale sawawa. Mkulu ati ana a lero adziwa kuwerenga koma khasu alithawa. Mkangano umenewu suli wa lero ai, ndipo mbiri ya Atonga a ku Bandawe itiphunzitsa kanthu.

M'caka ca 1881 Dr. Robert Laws anasamutsa Mishoni ya Livingstonia kucokera ku Cape Maclear kudza ku Bandawe. Ana ambiri analowa sukulu, koma atadziwa kulemba anaona kuti kumudzi kulibe nchito ya malipiro, pamene msonkho wa nyumba unali kufunika caka ndi caka. Cotero anapita ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Mmodzi wa iwo anali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la anchito ku Cape Town mu 1919.

Akulu ndi amai anatsala ndi minda ya cinangwa. Anyamata ena pobwera ndi masuti ndi njinga anayesa kuti ndarama iposa khasu. Akulu anagwiritsa cinangwa cao, pakuti ndico nkhokwe ya pansi: cimera pa mcenga pamene cimanga cikana, cipirira cilala, ndipo cikhala m'nthaka zaka ziwiri kudikira mwini wace.

Onsewo anayesedwa. Mu 1974 ndege yonyamula anchito a Wenela inagwa ku Francistown, nipha Amalawi oposa 70, ndipo Boma linaletsa kulemba anthu a ku migodi. Amuna zikwi zambiri anabwerera kwao, ndipo cimene cinawadyetsa ndi munda womwe anausiya.

Koma pakati pa zaka za m'ma 1980 kodikodi anagwa pa cinangwa ca m'boma la Nkhata Bay. Nsonga zinapiringizika, mizu inakana kukula, kondowole anasowa, ndipo njala inalowa m'midzi yokhulupirira mbeu imodzi. Nzeru ya makolo sinathandize pamenepa. Akatswiri a zaulimi ndiwo anamwaza kacirombo kouluka ka ku South America, kamene kaikira mazira m'thupi la kodikodi nikamupha.

Inu olima cimanga ndi fodya, taonani kuti mbadwo uliwonse unali ndi tsiku lace losowa mnzace. Cifukwa cace tikupemphani inu akulu, mpatseni mwana wanu ndime yace, ayeserepo mbeu yatsopano ndi feteleza. Inunso anyamata, musazule cinangwa ndi mbatata za atate anu kuti mubzalepo fodya yekha, pakuti mtengo wa fodya ukwera nutsika, koma mimba ifuna nsima tsiku ndi tsiku. Pa nthawi ya masika yesani zokolola za ndime ziwirizo ndi dengu limodzi, nimuwerenge pamodzi. Dengulo ndilo liweruze mlandu.