Magetsi a Cahora Bassa adzalowera kuti 2030 ikakwana?

Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chino cha Tete, koma m'midzi yambiri ya Angónia, Tsangano ndi Macanga anthu akuunikirabe tochi ndi kasola ka padenga. Damuli limatha kupanga mamegawati 2,075, ndipo gawo lalikulu amagula ndi a Eskom a ku South Africa. Mgwirizano umenewu unayamba Apwitikizi akadali eni damu, ndipo udzatha mu 2030.

Nkhani yagona pamenepo. Mu 2023 boma linalengeza ndondomeko yoti dziko lizidalira kwambiri magetsi a madzi, dzuwa ndi mphepo, yofuna madola 80 biliyoni pofika 2050. Likufunanso kuti mgwirizanowo ukatha, magetsi a ku Songo azigwira ntchito konkuno. South Africa, yomwe imadalira malasha, singasangalale nazo.

Koma ndalama zoterozo boma lilibe. N'chifukwa chake ntchito yomanga damu lina pa Zambezi, la Mphanda Nkuwa, la mamegawati 1,500, inaperekedwa kwa EDF ndi TotalEnergies a ku France pamodzi ndi Sumitomo ya ku Japan. Woika ndalama amafuna wogula wolipira bwino, ndipo wogula wotere kawirikawiri amakhala kutsidya kwa malire, osati mlimi wofuna chigayo kapena pampu yothirira mbatata. Malawi nayenso ali pamzere, kudzera pa mawaya ochokera ku Matambo kukafika ku Phombeya, m'boma la Balaka.

Malasha a ku Moatize nawo sanasiyidwe. Sitima zikuwanyamulabe kudutsa m'Malawi kupita ku doko la Nacala.