Laibulale ya ku yunivesite ikhale ya aliyense

Mtsikana wina wosaona yemwe ndinamuphunzitsa pasekondale yathu yoyendera atasankhidwa kupita ku yunivesite, mudzi wonse unalulutira. Koma atabwera kutchuthi anandiuza zomwe zikundisowetsabe tulo. Iye anati mulaibulale mabuku ndi osayamba, koma kuti adziwe zomwe zili m'kati mwake amadikira mnzake womuwerengera. Nthawi ya mayeso mnzakeyo amatanganidwa ndi zake, ndiye iye amangokhala manja ali m'khosi.

Ku sekondale mwana atha kukhoza ndi manotsi a mphunzitsi, koma ku yunivesite sizitheka. Kumeneko wophunzira amadzifufuzira yekha, kufananitsa zomwe akatswiri osiyanasiyana analemba, kenako n'kulemba zake. Amene sangathe kugwiritsa ntchito laibulale ndiye kuti watsala panja, ngakhale dzina lake lili m'kaundula.

Kale chopinga chachikulu chinali lamulo loteteza eni mabuku, poti kukopera buku popanda chilolezo ndi mlandu. Mu 2013 mayiko anakumana ku Marrakesh m'dziko la Morocco n'kugwirizana kuti buku litha kusinthidwa kukhala la zilembo za Braille, la zilembo zikuluzikulu kapena lomvetsera, osapempha kaye mwini wake, bola likhale la anthu amene ali ndi vuto lakuwerenga. Panganoli limalolanso mayiko kugawana mabuku oterewa, ndipo Malawi analowa nawo mu 2017. Tsono njira ilipo, kwatsala n'kuyendamo.

Zofunika si zapatali ayi. Laibulale iliyonse ikhale ndi sikana, makina osindikizira Braille ndi makompyuta okhala ndi pulogalamu yowerenga mokweza zolembedwa. Ina mwa mapulogalamuwa, monga NVDA, ndi yaulere. Aphunzitsi azipereka msanga mndandanda wa mabuku a teremu kuti asinthidwe maphunziro asanayambe. Oyenda panjinga ya olumala apeze polowera popanda masitepe, ndipo pakhale wogwira ntchito wodziwa chinenero chamanja. Anthu aulumali nawonso azilembedwa ntchito m'malaibulalemo, poti mutu ukamawawa mwini wake ndiye amadziwa.

Ife aphunzitsi akumudzi timawauza anawa tsiku ndi tsiku kuti akalimbikira adzafika patali. Chaka chino ndili ndi mnyamata wina wosaona mu Fomu 3, ndipo akufuna kudzakhala loya. Akuluakulu a mayunivesite, chonde musatisandutse abodza.