Tsamba Limodzi, Owerenga Amitundumitundu

Mphunzitsi aliyense adziwa kuti polemba pa bolodi saganizira ana a kutsogolo okha. Mwana wokhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ayenera kuona malembo bwino lomwe monga anzake. Lamulo lomweli ligwira ntchito pa masamba a pa intaneti, ndipo pakuti ena mwa inu mudzapemphedwa kuika zidziwitso ndi maphunziro pa masamba otere, nkoyenera kuti timvetse gwero la vuto lake.

Tsamba siliwerengeka lokha. Pafunika pulogalamu yotchedwa browser, imene itenga malangizo a mlembi ndi kuwasandutsa malembo ndi zithunzi. Malangizowo alembedwa m'zinenero zitatu: HTML isanja mawu m'mitu ndi m'ndime, CSS ipereka maonekedwe, JavaScript ichititsa tsamba kuyankha pamene wowerenga akhudza kanthu.

Tim Berners-Lee anayamba ntchitoyi ku CERN, pafupi ndi Geneva, m'chaka cha 1989, nafuna kuti tsamba liwerengeke pa makina alionse. Koma Netscape Navigator itatuluka mu 1994, ndi Internet Explorer mu 1995, eni ake anayamba kupikisana, aliyense kuonjeza malangizo akeake amene mnzake sanawamve. Tsono tsamba lokongola mu browser imodzi linkaoneka losokonezeka mu inzake. Bungwe la W3C, lokhazikitsidwa mu 1994, linalemba miyezo yoti onse atsate, koma panapita zaka zambiri isanamveredwe mokwanira. Internet Explorer inaleka kuthandizidwa ndi eni ake mu 2022. Komabe Chrome, Firefox ndi Safari zili ndi injini zosiyana, Blink, Gecko ndi WebKit, kotero kusiyana sikunatheretu.

Nanga womanga tsamba achite chiyani? Choyamba, ayambire pa HTML yolongosoka, yoti mawu onse awerengeke ngakhale CSS ndi JavaScript zitalephera. Zokometsera zidze pambuyo, monga womanga nyumba aimika makoma ndi denga asanapake laimu. Ichi nchofunika kwambiri kwathu kuno, pakuti ambiri awerenga pa foni, ena ndi Opera Mini, imene iyamba yafinya tsamba pa makompyuta a kampani kuti wowerenga asaononge ndalama zambiri. Ndipo pofinyapo zina za JavaScript sizigwira ntchito.

Chachiwiri, tsamba lizitha kutambasuka ndi kukhwinyata molingana ndi kukula kwa galasi, kuti wa foni yaing'ono asavutike kukokera mawu uku ndi uku. Zithunzinso zikhale zopepuka.

Chachitatu, agwiritse ntchito zida zoyesera. W3C ili ndi chida chaulere chofufuza zolakwa m'malembo a HTML, monga mphunzitsi achonga ntchito ya ana. Tsamba lotchedwa Can I Use lisonyeza browser zimene zimva lamulo lakutilakuti. Koma chida choposa zonse ndi maso: tsegulani tsamba lanu mu browser zitatu, kenaka mubwereke foni yakale ya mnansi wanu, muonenso.

Chachinayi chikhudza ife ophunzira chinenero chathu. Mlembi ayenera kulengeza pamwamba pa tsamba kuti malembo ake atsata dongosolo la UTF-8. Akaiwala, browser ingoyerekeza, ndipo ikaphonya, dzina lakuti Malaŵi lisanduka MalaÅµi, ndi mawu akuti ng’ombe, olembedwa ndi kachizindikiro kopindika, asanduka ngâ€™ombe. Mwana wa Sitandade 2 amene angophunzira kumene kusiyanitsa ng' ndi ng adzatani poona zotere? Ndi bwinonso kuika chizindikiro cha chinenero, chimene cha Chichewa ndi ny, kuti makina adziwe kuti tsambalo si la Chingerezi.

Ena adzati, "Pa kompyuta yanga lioneka bwino, wolephera agule foni ina." Mawu otere sayenera mphunzitsi. Kholo limene lalephera kuwerenga tsiku lotsegulira sukulu silidzati vuto ndi browser. Lidzangoti sukulu siinatiuze. Chifukwa chake, musanalengeze kuti tsamba latha, chitani monga muchita m'kalasi: pitani kumbuyo, mukhale pa mpando wa mwana wotsiriza, muone ngati malembo aoneka.