Nyumba ndi yako, koma khoma usaligwetse wekha

Ngati mumakonda kuyendayenda pa Instagram, mwina mudazionapo nyumba zija zopentedwa mowala, ina yapinki, ina yachikasu, ina yobiriwira, zitandandana m'misewu yoyalidwa miyala. Kumeneko ndi ku Bo-Kaap, dera lakale lomwe lili m'mphepete mwa phiri la Signal Hill mumzinda wa Cape Town, ku South Africa. Chomwe zithunzizo sizikuuzani n'chakuti mwini nyumba kumeneko sangangodzuka n'kuitana amisiri kuti agumule khonde kapena asanje chipinda pamwamba. Ayenera kupempha kaye chilolezo, ndipo akhoza kukanizidwa.

Ine ndidakulira komwe munthu akapeza kangachepe amangogula njerwa n'kuwonjezera chipinda, osafunsa aliyense. Ndiye funso langa lidali lomwe inunso muli nalo: khonsolo ikulowererapo chifukwa chiyani pa nyumba yomwe munthu adagula ndi ndalama zake?

Malamulo ake alipo awiri. Loyamba ndi la dziko lonse, National Heritage Resources Act la 1999. Gawo 34 la lamuloli limaletsa kusintha kapena kugwetsa nyumba iliyonse yomwe yapitirira zaka 60 popanda chilolezo. M'chigawo cha Western Cape, chilolezocho chimachokera ku bungwe la Heritage Western Cape. Taganizani, nyumba wamba yomangidwa mu 1960 idalowa kale m'gululi.

Lachiwiri ndi la khonsolo. Mu Marichi 2019, khonsolo ya Cape Town idavomereza kuti Bo-Kaap ikhale dera lotetezedwa mwapadera. Apa sayang'ana nyumba imodzi yokha ayi, amayang'ana msewu wonse. Mwini nyumba akapereka mapulani, akatswiri a khonsolo amaona kutalika kwa chomwe akufuna kumangacho, kapangidwe ka denga, mawindo ndi maonekedwe a kumaso kwa nyumbayo, kuti aone ngati zikugwirizana ndi nyumba zoyandikana nazo. Akhoza kuvomera, kukana, kapena kunena kuti mapulaniwo akakonzedwenso.

Chomwe chidandichititsa chidwi n'chakuti anthu okhala m'deralo ndi omwe adalimbikira kuti chitetezochi chibwere. Mu 2018 adachita zionetsero zokana nyumba zikuluzikulu zosanja zomwe makampani ankamanga m'dera lawo.

Kuti mumvetse mkwiyo wawo, muyenera kudziwa mbiri. Nyumba zoyambirira za lendi ku Bo-Kaap adamanga ndi Jan de Waal m'zaka za m'ma 1760. Ambiri mwa omwe adadzakhazikika kumeneko adali Asilamu, ena mwa iwo akapolo omasulidwa ndi zidzukulu zawo. Mzikiti wa Auwal mumsewu wa Dorp, womwe udayamba mu 1794, ndi woyamba m'dziko lonselo. Ndipo sali kutali ndi District Six, dera lomwe boma la tsankho lidalamula mu 1966 kuti likhale la azungu okha. Anthu oposa 60,000 adasamutsidwa, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Bo-Kaap idapulumuka. Munthu yemwe agogo ake adaona zimenezo sangaone kugumula khoma ngati nkhani ya mwini nyumba yekha.

Komabe tisanamizane, dongosololi lili ndi zowawa zake. Kujambulitsa mapulani kumafuna ndalama, ndipo kudikira yankho kumadya nthawi. Banja lomwe ana akula ndipo likungofuna chipinda china limaima pamzere womwewo ndi kampani yomwe ili ndi maloya ake. Chinanso, lamulo limateteza makoma, koma silitsitsa msonkho wa khonsolo. Dera likatchuka, mitengo ya nyumba imakwera, msonkho nawo n'kukwera, ndipo mabanja ena akale amakakamizika kugulitsa. Nyumba imatsala yokongola momwemo, koma eni ake atapita.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Abale athu ambiri ku Cape Town amadyera ntchito zamanja: kumanga, kupenta, kukhoma madenga. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, kapena muli ndi achimwene kumeneko, mfundo ndi iyi. Bwana akakupatsani ntchito yogumula khoma kapena kusintha denga pa nyumba yooneka yakale, funsani mwaulemu ngati mapulani adavomerezedwa. Akuluakulu oona za malamulowa ali ndi mphamvu zoimitsa ntchito yomwe ilibe chilolezo, ndipo kuphwanya lamulo la 1999 lija kumatha ndi chindapusa kapenanso ndende. Ntchito ikaima pakati, woyamba kumva kuwawa ndi wa ganyu yemwe amadikira malipiro Lachisanu. Paja safunsa adadya phula.

Kwa ine, chilolezo chotere sikulanda munthu nyumba yake. Ndi njira yoti aneba, ngakhalenso ana omwe sanabadwe, akhale ndi mawu pa chinthu chomwe chikagwa sichidzukanso. Zenera latsopano mutha kuligula ku sitolo mawa lomweli. Khoma la zaka 200 mukaligwetsa, palibe komwe mungakaligule.