Loko wa aliyense, kiyi wa mmodzi

Uthenga wa pa WhatsApp wochoka ku Nchalo m'boma la Chikwawa kupita kwa mbale ku Johannesburg umadutsa m'makina a makampani angapo, koma palibe angauwerenge panjira.

Chinsinsi chake chagona pa nzeru imene akatswiri a ku America, Whitfield Diffie ndi Martin Hellman, adalengeza mu 1976. Foni iliyonse imapanga makiyi awiri a manambala. Woyamba ali ngati loko wosakhoma amene mwini wake amagawira aliyense wofuna kumulembera. Wachiwiri satuluka m'fonimo, ndipo ndi yekhayo amene amatsekula zomwe lokoyo wakhoma. WhatsApp idamaliza kukhazikitsa chitetezo chotere mu 2016.

Poona kuti lokoyo sathyoka, akathyali amalowera kwa mwini wake. Amamuimbira foni n'kumunyengerera kuti awauze manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS. Akawapeza, amatsekula akaunti yake pafoni yawo n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale m'dzina lake, ati mtsinje wa Shire wasefukira n'kugwetsa nyumba.

Manambalawo ngosauza munthu, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa kukampani ya foni.