N'chifukwa chiyani babu lakale lija limatentha chonchi?

Aliyense amene adakulira m'nyumba ya magetsi akudziwa lamulo ili: babu likapsa, usalithamangire ndi dzanja, yamba wadikira lizizire. Ndikunena babu lakale lija, lagalasi loonekera mkati, lokhala ndi kawaya kopyapyala pakati. Kutenthako si vuto la babulo ayi. Ndi mmene lidapangidwira, chifukwa popanda kutentha silingawale n'komwe.

Mukapita kwa wosula makasu, muona kuti chitsulo chikakhalitsa pamoto chimayamba kufiira, ndipo moto ukakula chimayezuka n'kumawala. Babuli limachita zomwezo, kungoti moto wake ndi magetsi. Mukayatsa swichi, magetsi amadutsa m'kawaya kaja movutikira chifukwa n'kopyapyala kwambiri, ndiye kamatentha mpaka madigiri pafupifupi 2,500. Zitsulo zambiri zikhoza kusungunuka zisanafike pamenepo. N'chifukwa chake amagwiritsa ntchito chitsulo chotchedwa tungsten, chomwe chimasungunuka pa madigiri 3,422. Kawayako n'kakatali kuposa mmene kamaonekera. Amakapota, kenako n'kukapotanso kachiwiri, kuti kakwane pamalo ochepa ndiponso kasamataye kutentha msanga.

Nanga galasilo ndi lachiyani? Kawaya kotentha choncho katakumana ndi mpweya umene timapumawu, kakhoza kunyeka nthawi yomweyo. Choncho opanga amachotsa mpweya wonse m'galasimo n'kuikamo argon wosakaniza ndi nitrogen, mipweya imene siyakitsa moto. Ngakhale zili choncho, kawayako kamadyeka pang'onopang'ono. Kuda kumene mumaona mkati mwa babu lokhalitsa si utsi, koma ndi tungsten amene wachoka pakawayako n'kumatirira pagalasi.

Mwina mudaonaponso kuti babu limakonda kupsa pamene mwangoyatsa kumene, kuti phethi, basi kwada. Kawaya kakakhala kozizira kamalola magetsi ochuluka, kuposa kakhumi poyerekeza ndi pamene katentha. Magetsi oyambawo akafika pamalo pamene padyeka kale, kawayako kamaduka. Mukaligwedeza pafupi ndi khutu mumamva tizidutswa tikulira mkati.

Pa za amene adatulukira babuli, ambiri timangodziwa dzina la Thomas Edison wa ku America, amene mu 1879 adayatsa babu la ulusi wa thonje wootcha n'kukhala maola oposa 13. Koma ku England, Joseph Swan ankachitanso zomwezo nthawi imodzimodziyo, ndipo mu 1883 awiriwa adaphatikiza makampani awo m'dzikolo. Edison adasiya thonje n'kuyamba nsungwi za ku Japan, zimene zinkakhalitsa kwambiri. Kawaya ka tungsten kolimba kadabwera cha m'ma 1910, William Coolidge wa kampani ya General Electric atapeza njira yosandutsira chitsulochi waya wosathyoka.

Babu wamba la mtunduwu limakhala maola pafupifupi 1,000. Nambala imeneyi ili ndi mbiri yake. Mu 1924 makampani akuluakulu opanga mababu, kuphatikizapo Osram ndi Philips, adakumana ku Geneva n'kugwirizana kuti mababu awo asamapitirire maola amenewa. Komabe palinso chifukwa china choona: kawaya kakamatentha kwambiri kamawala bwino koma kamatha msanga, ndipo kakamatentha pang'ono kamakhalitsa koma kuwala kwake n'kochepa. Ku Livermore, m'chigawo cha California, kuli babu limene lakhala likuyaka kuchokera mu 1901, koma limangonyezimira, simungawerengere nyuzipepala.

Apa ndiye pagona nkhani. Pa magetsi onse amene babuli limadya, osakwana gawo limodzi mwa magawo khumi ndiwo amasanduka kuwala. Otsalawo amangosanduka kutentha. Babu la mawati 100 likayaka maola 10 latha yuniti imodzi pamita yanu ya ESCOM. Babu la LED la mawati 15 limawala chimodzimodzi, koma yuniti yomweyo limayenda nayo maola oposa 60. N'chifukwa chake mayiko a ku Ulaya adayamba kuchotsa mababu akalewa m'masitolo mu 2009.

Koma ine babu lakale sindidalitaye. Ndimaweta nkhuku kuseri kwa nyumba, ndipo anapiye a sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35. LED singawathandize, chifukwa imawala yokhayokha osafunda. Ndimapachika babu lakale pakati pa khola, ndiye ndimayang'ana anapiyewo. Akaunjikana pansi pa babu ndiye kuti akuzizidwa, ndimalitsitsa pang'ono. Akathawira m'mbali n'kumapuma wefuwefu, latentha, ndimalikweza. Akamwazikana bwino n'kumadya, zonse zili bwino. Babulo lisayandikire utuchi kapena makatoni, lisadonthere madzi chifukwa galasi lotentha limasweka, ndipo mbaula ya makala ikhale pafupi poti magetsi akhoza kuthima usiku. Mababu a mtunduwu akugwirabe ntchito m'mauvuni ophikira, momwe LED wamba singapirire kutentha, komanso m'nyale za galimoto zambiri, momwe muli mtundu wake wina wotchedwa halogen.

Tsono musanagule babu, dzifunseni chimene mukufuna: kuwala kapena kutentha. Ngati ndi la pabalaza, kuchipinda kapena panja pamene liziyaka usiku wonse, onjezerani ndalama mugule LED, chifukwa babu lakale ndi lotchipa pogula pokha. Ndipo ngati m'nyumba mwanu likadalimo, werengani mawati olembedwa pagalasi lake, muchulukitse ndi maola amene limayaka pamwezi, mugawe ndi 1,000. Yankho lake ndiwo mayunitsi amene mukulipira.