Njanji idamanga Limbe, mahotela adatsatira

Amene amatsika basi pa Wenela mumzinda wa Blantyre kawirikawiri salabadira siteshoni ya sitima yomwe ili chapafupi pomwepo. Komatu kwa zaka zambiri malo amenewa ndiwo adali khomo la mzindawu.

Njanji idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje. Idamangidwa chifukwa madzi a mumtsinje wa Shire ankachepa moti sitima zapamadzi zinkalephera kukwera kumtunda, ndipo katundu wa azungu ankayenda pamitu ya amtengatenga.

Chodabwitsa n'chakuti mtima wa njanjiyi sudakhale ku Blantyre. Likulu la kampani ndi malo okonzerako sitima zidakhazikitsidwa ku Limbe, komwenso kampani ya Imperial Tobacco idamanga fakitale yake ya fodya. Ogwira ntchito adafuna nyumba, amwenye adatsegula masitolo, ndipo tauni yachiwiri idamera mozungulira siteshoni. Matauni awiriwa adaphatikizidwa mu 1956, koma mpaka lero munthu amanena kuti akupita ku Limbe ngati akupita kwina.

Ulendo wa nthawi imeneyo udali wotopetsa. Chisanafike chaka cha 1935, wochokera ku doko la Beira ankatsika sitima m'mbali mwa Zambezi, kuwoloka pa sitima yapamadzi, n'kukakwera ina tsidya linalo ku Chindio. Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu, ndiwo udathetsa vutoli, ndipo chaka chomwecho njanji idafika ku Salima. Mlendo wotere ankafika ali wolefuka, akufuna bedi ndi madzi osamba. Apa ndi pomwe padadyera mahotela: Ryall's ku Blantyre, yomwe idatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndi Shire Highlands ku Limbe, kamtunda kochepa kuchokera pasiteshoni.

Tisadzinamize kuti mahotelawa adali a aliyense. Adamangidwira azungu: alimi a fodya ndi tiyi, akuluakulu a boma la atsamunda ndi amalonda. Mmalawi ankalowamo ngati wophika kapena woperekera zakudya. Dzina loti Wenela likutikumbutsa apaulendo enawo, pakuti lidachokera ku bungwe lomwe linkalemba amuna ntchito ya kumigodi ku Joni. Iwowo sadali alendo a pa Ryall's.

N'chifukwa chake zomwe zidachitika pakhomo pa hotelayi mu Januwale 1960 zili ndi tanthauzo. Nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, ikulandiridwa mkati, panja padasonkhana khamu lofuna kuti Dr Hastings Kamuzu Banda atulutsidwe m'ndende. Apolisi adalimbana nalo atolankhani akunja akuona, ndipo nkhaniyo idamveka mpaka ku London.

Ufulu utabwera, njira ya ku Nacala idatsegulidwa mu 1970, koma nkhondo ya ku Mozambique idadula njanji ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, ndipo madzi osefukira adaononganso njanji pa Chiromo mu 1997. Apaulendo adasamukira ku mabasi ndi ndege. Ryall's idakali kulandira alendo, koma ochepa okha mwa iwo angakuuzeni komwe kuli siteshoni. Ku Limbe sitima zomwe zimamveka kwambiri tsopano ndi za katundu.